Mtengo wa Maapozi ku Dziko Lotentha

Mlimi wa ku Kayelekera, pamsewu wochoka ku Karonga kupita ku Chitipa, akafuna kudzala maapozi kuseri kwa nyumba yake, mdani wake woyamba si chiswe ayi, koma kuchepa kwa chisanu. Kwawo kwa mtengo umenewu kumazizira kwambiri, ndipo umayoyola masamba n'kugona miyezi ingapo usanachite maluwa. Kumapiri a Misuku kumazizirako ndithu; ku Kayelekera mtengo ungathe kungobiriwira chaka ndi chaka osabala kanthu.

Komabe nzeru ilipo. Mtundu wakale wotchedwa Rome Beauty, umene unapezeka ku Ohio m'dziko la Amereka m'chaka cha 1817, wakhala ukubala ku Batu pachilumba cha Java, kumene chisanu chotere sichidziwika. Alimi akumeneko amapinda nthambi kuti zigone chopingasa nazimangirira pansi. Pakapita pafupifupi mwezi atathyola zipatso, amapulula masamba onse ndi manja. Mtengo umayesa kuti nyengo yozizira yatha, ndipo umaphuka maluwa. Motero amakolola kawiri pachaka, ngakhale kuti mtengo wogwiritsidwa ntchito chotere umafuna manyowa ndi madzi ochuluka, makamaka m'chilimwe.

Chinanso n'chakuti njere ya apozi sibala zofanana ndi mayi wake. Wofesa njere ya Rome Beauty amadikira zaka zambiri, nadzakolola zipatso zamtundu wina, kawirikawiri zowawasa. Mtunduwo umasungika pomezanitsa basi: kanthambi ka mtengo wakale kamalumikizidwa patsinde la mbande, n'kumangidwa zolimba kuti madzi asalowe pabala.