Chikuku cha mwana ndi mpamba wa mayi wake

Inu amene mwakhala m'basi usana ndi usiku, kuima pamzere pa Zobue, pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, pepani ndi ulendo. Miyendo yatupa, tikudziwa, koma mwafika.

Komiti itatiuza kuti nthambi yathu ilankhulepo pa chikondwerero chino, ena anaganiza kuti tikamba za kwacha, popeza bala la Novembala 2023, pamene ndalamayi inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, silinapole mwa ambiri a ife. Ena anati tikambe za anthu osabweza ngongole. Ife tasankha kukamba za chikuku cha mwana, chija anzathu kuno amangoti pram. Tikuona ena mwayamba kale kuseka. Sekani, nafenso tinaseka tsiku loyamba, ndipo kuseka komweko kunatsala pang'ono kutithawitsira membala ndi kugawa gulu pakati.

Nkhani yake inali motere. Tili ndi mtsikana wathu, dzina tisunge, amene amaoda nsapato ndi zikwama kuno n'kumatumiza kumudzi. Ndi wolimbikira, sanaphonyepo sheya. Ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mimba yoyamba, anaimika dzanja pamsonkhano n'kupempha ngongole ya R3,000. Amayi msungichuma anafunsa monga mwa nthawi zonse: "Ya katundu wanji, mwanangu?" Iye anatulutsa foni n'kutionetsa chithunzi. Chikuku chakuda bii, matayala ngati a njinga yamoto, cha denga lake, ndi poika botolo pomwe. R3,000 imeneyo inali yongowonjezera pa zimene anali atasunga kale.

Amayi ena achikulire anafunsa ngati zitenje zatha m'dziko. Wina anati, "Tonse muno tinakulira pamsana, ndani anafa nazo?" Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mtsikanayo anangoti, "Amayi, ndalamazi ndi zathu tonse, ndipo ine ndimabweza," n'kutola kachikwama kake. Misonkhano iwiri yotsatira sanabwere. Atsikana anzake anayamba kunong'onezana kuti gulu lino ndi la azigogo, ofuna kuti ana a masiku ano avutike mmene anavutikira iwowo.

Lero tikuvomera pamaso panu kuti kuseka kuja tinalakwa. Mayi amene akuyembekezera mwana woyamba kudziko la eni, amayi ake ali kutali, apongozi ali kutali, amafuna chinthu chogwirika chomuuza kuti wakonzeka. Akalowa m'sitolo, wogulitsa amamuuza kuti mayi wokonda mwana amagula ichi. Akatsegula Facebook amapeza anzake pa baby shower atazungulira chikuku chomanga maliboni. Ife, m'malo momukhazika pansi monga akanachitira azakhali ake, tinamuchititsa manyazi pagulu.

Choncho atatu mwa ife tinanyamuka Lamlungu lina kukamuona, titatenga shuga, sopo ndi kope. Amakhala m'fulati, pansanjika yachinayi, ndipo chikepe cha m'nyumbamo chinali chitafa. Pofika pamwamba tonse tinali wefuwefu. Titamwa madzi, mmodzi wa ife anafunsa mofatsa: "Achemwali, nanga chikuku chija chizikwera bwanji muno, mwana ali dzanja lina?" Iye anayang'ana kukhomo, kenako anaseka yekha. Apo m'pamene kukambirana kunayambira.

Tinatsegula kope. M'nthambi yathu chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Pa R3,000 ndiye kuti R600 mwezi uliwonse, ndipo ikatha miyezi itatu wabweza R4,800. Ngongole yotere imanyamulika ukagulira katundu woti atuluke, chifukwa nsapato zimabweza zokha ndalama yake. Chikuku sichibala kanthu. Komanso miyezi itatu yobwezayo ndi yomwe mayi ali m'chikuta, akuyamwitsa usiku wonse, sangathe kuthamangira basi ndi zikwama. Wolembedwa ntchito kuno ku South Africa ali ndi tchuthi cha miyezi inayi, ndipo ngati amadulidwa ya UIF amalandirako kangachepe. Ku Malawi lamulo limapereka masabata asanu ndi atatu. Ife a geni tilibe bwana wotipatsa tchuthi. Tsiku limene sitinaime pamsika, m'thumba simulowa kanthu, koma lendi sadikira.

Tsono funso limene tikupempha kuti muzifunsana m'nthambi zanu, musanafike pa mtengo, ndi lakuti chikukucho chikayenda pati. Tulukani panja muyang'ane njira yochokera pakhomo panu kukafika kusikelo. Ngati ndi tinjira ta miyala ta ku Ndirande, kapena matope a ku Chawama nthawi ya dzinja, kapena mchenga, timatayala tating'ono ta pulasitiki sitimaliza mwezi. Ngati mumayendera minibasi, ganizani za kondakitala amene akukuwa kuti fulumirani, inu mwana kumanja, chikwama paphewa, uku mukulimbana ndi chitsulo chokana kupindika. Tikudziwa nyumba zingapo kumene chikuku chodula chinayenda kawiri, tsiku lotuluka kuchipatala ndi tsiku la ubatizo, kenako chinasanduka poika zovala zochapa. Chikomekome cha mkuyu.

Koma tisaname kuti chikuku n'chachabe kwa aliyense, chifukwa bodza limenelo ndi lomwe linatikwiyitsira atsikana. Mayi amene wachira kudzera pa opaleshoni sangamange chitenje pamimba masabata oyambirira. Mayi wa mapasa ali ndi msana umodzi. Pali agogo olera zidzukulu amene msana unatha kale ndi mitolo ya nkhuni. Pali ena a ife amene amayenda mtunda wautali pamsewu wa tala kukasiya mwana asanapite kuntchito, ndi abale athu a ku Britain amene misewu ndi mabasi a kwawoko anapangidwa moganizira zikuku. Ndiye pali ife okazinga mandasi ndi tchipisi. Aliyense amene anaweramirapo chiwaya cha mafuta owira mwana ali kumsana, mwanayo n'kutambasula kadzanja, akudziwa mtima mmene umadumphira. Kwa mayi woteroyo malo abwino ogonekapo mwana, patali ndi moto, si manyado ayi.

Chitenje nachonso tisachinyoze pofuna kusangalatsa atsikana. Mwana akakhala pathupi pa mayi wake amafunda, amamva kugunda kwa mtima, ndipo mayi amadziwa msanga thupi likatentha. Njira ija anamwino amati kangaroo, yoika mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa khungu kukhungu, inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 chifukwa chipatala chinalibe makina okwanira ofunditsira ana, ndipo lero bungwe la WHO limailimbikitsa padziko lonse. Chimene amagwiritsa ntchito kwathu ndi nsalu yomwe ija timagula pamsika. Chofunika n'chakuti khanda limene khosi silinalimbe lichirikizidwe mutu, ndipo mphuno ndi pakamwa zisatsekeke.

Titafika apa tinatembenuza tsamba n'kumufunsa mtsikana wathu kuti atchule zonse zimene zidzafune ndalama mwana asanakwanitse miyezi itatu. Anayamba ndi matewera ndi tizovala. Tinamufunsa kuti matenda akayamba 2 koloko usiku, galimoto adzalipira ndi chiyani. Anakhala chete. Ndalama imeneyo iyenera kukhala m'nyumba, yogwirika, osati pangongole kwa mnzako amene foni yake imazima usiku. Kuyambira 2016 a WHO amalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ndipo ulendo uliwonse uli ndi thiransipoti yake komanso tsiku la malonda lotayika. Amene mukachirire kumudzi mukudziwa kale mndandanda wa zitenje, beseni, pepala la pulasitiki ndi tochi, kuwonjezapo chakudya cha amene akukakudikirirani kuchidikiro. Mayi woyamwitsa amafunika kudya, popeza miyezi isanu ndi umodzi yoyamba chakudya chonse cha mwana chimachokera m'thupi mwake. Pamwamba pa zonsezi pali mpamba. Mpamba ukadyedwa nthawi ya chikuta, mayi amatuluka ndi mwana kumsana alibe poyambira, ndipo ambiri amene tinawataya m'magulu mwathu tinawataya panthawi imeneyi.

Kwa inu amene pakhomo pali galimoto, tiwonjezepo kuti kampando komangirira mwana m'galimoto n'kofunika kuposa chikuku. Kuno ku South Africa, kuyambira 2015, lamulo limafuna kuti mwana wosakwana zaka zitatu azikhala m'kampando koteroko. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, yambani ndi chimenecho, ndipo musagule kampando kamene kanakhalapo pangozi ngakhale kakuoneka kabwinobwino.

Tsono tinene kuti mwaona njira yanu, mwawerenga zonsezi, ndipo chikuku mukuchifunadi. Musachite manyazi kugula chogwiritsidwapo kale ntchito. Ife ndife anthu a kaunjika, a salaula, a mabhero, timadziwa kuti chinthu cholimba chakale chimaposa chatsopano chosalimba, ndipo chikuku mwana amachisiya chisanathe. Koma musagule pachithunzi. Chigwireni. Pondani buleki n'kukankha, muone ngati matayala onse akumbuyo agwira. Chitambasuleni n'kutsamira pachogwirira, chisapindike chokha. Kokani malamba, akhale odutsa m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo, ndipo chomangira chake chizitseka bwino. Chinyamuleni ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo lidzakhala ndi mwana. Ngati ndi cha khanda, chogonera chizitha kugona chathyathyathya, popeza mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi sayenera kukhazikidwa chokhala nthawi yaitali, mutu umagwera pachifuwa n'kumuvutitsa kupuma. Zina zonse, mtundu wa nsalu, dzina la kampani, poika kapu, n'zimene zimakweza mtengo koma mwana sazidziwa.

Pali zinthu ziwiri zimene timaziona mumsewu ndipo zimatiopsa. China ndi kufunditsa chikuku chonse ndi bulangete kapena chitenje poteteza dzuwa. M'katimo mumatentha ngati mu uvuni, makamaka mwezi wa Okutobala ku Tete, ku Musina kapena ku Nsanje. Mpweya uzidutsa ndipo nkhope ya mwana muziiona. China ndi kupachika majumbo a katundu pachogwirira. Ife a geni chilichonse cha matayala timachiona ngati wilibala, koma chikuku chikalemera kumbuyo chimagudubuka ndi mwana yemwe.

Za mtengo, sitikupatsani nambala, chifukwa randi, kwacha ziwiri zija, metikali ndi dola siziyenda limodzi, ndipo nambala ya lero pofika chaka chamawa idzakhala nthabwala. Muyeso umene tinagwirizana m'nthambi yathu ndi uwu: chikuku chigulidwe ndi phindu, osati ndi mpamba kapena ngongole ya gulu, ndipo chisapose phindu la masabata awiri a malonda a mayiyo. Wa sitolo yaikulu masabata ake awiri ndi ena, wa tebulo la tomato ndi enanso, aliyense adziyeze ndi thumba lake. Tinaonjezanso kuti ndi bwino kudikira mwana abadwe. Makolo athu sankagula za mwana asanamuone, pa zifukwa zawo, koma ngakhale pa nkhani ya ndalama anali ndi nzeru. Mwana akabadwa m'pamene umadziwa ngati wachira bwino kapena ndi opaleshoni, ngati ndi mmodzi kapena awiri, ndi zimene abale akubweretsera. Amene mumaoda zikuku kukagulitsa kumudzi musatikwiyire, sitikukuphereni msika. Inunso mukudziwa ndalama imene a basi amalipiritsa pa katundu wotenga malo ngati ameneyu, ndi mmene amachedwera kutuluka.

Ena mwa atsikana sanakhutire ndi lamulo loletsa ngongoleli, ndipo mpaka lero amati gulu lisamalowerere pa zimene munthu akufuna kugula ndi ndalama yoti abweza yekha. Mfundo yawo ili ndi mutu, ndipo tikufuna nthambi zina zitiuze mmene zimachitira. Chimene tonse tinagwirizana popanda wotsutsa ndi chakuti tinatapa m'thumba ladzidzidzi n'kugula zikuku ziwiri zakale koma zolimba, kukhala za gulu. Zili ndi tsamba lake m'buku la alembi. Wobwereka amasaina, amakhala nacho mpaka miyezi isanu ndi inayi, amachichapa pobweza, ndipo chikathyoka m'manja mwake amakonzetsa. Oyamba kuganiziridwa ndi a opaleshoni, a mapasa ndi ogwira ntchito pamoto.

Mtsikana wathu uja anachira bwino, mwana wamkazi. Ndalama imene anasungira chikuku anaigawa, ina inalipira lendi ya miyezi iwiri, ina anaodera nsapato atatuluka m'chikuta. Chikuku cha gulu anachibwereka mwana ali ndi miyezi inayi, ndipo ankachisiya pansi kwa mlonda wa fulati chifukwa chikepe chija sichinakonzedwebe. Wachibweza mwezi wathawu tayala limodzi likulira, takonzetsa. Panopa chimodzi chili kwa mayi wa mapasa, chinacho chikudikira membala amene akuchira mwezi wamawa. Amayi alembi abweretsa tsamba lija, ofuna kukopera malamulo ake awaone nthawi ya chakudya.