Ukulele, Pepala ndi Tabuleti

Nkhani ya madzulo ano ikuyambira kutali, ku zilumba za Hawaii, kwawo kwa ukulele, kachipangizo konga gitala wamng'ono ka nsambo zinayi. M'chaka cha 1879 sitima yotchedwa Ravenscrag inatsitsa kumeneko Apwitikizi a ku Madeira odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Mwa iwo munali amisiri atatu a matabwa, Manuel Nunes, Augusto Dias ndi José do Espírito Santo, amene anayamba kusema kachipangizoka potengera zoimbira za kwawo. Mfumu Kalākaua inakakonda, nikalowetsa m'bwalo lake.

Lero kakuimbidwa m'magulu ku Britain, ku America, ku Japan ndi kwina, ndipo kwa zaka zambiri woimba aliyense ankafika pa msonkhano atakwatira chibuku m'khwapa. M'menemo munali mawu a nyimbo, ndi zilembo monga C, F ndi G7 pamwamba pa mawuwo, zosonyeza pomwe zala zigwire. Vuto lake linali lakuti woimba ukulele alibe dzanja lopuma: lamanzere lagwira nsambo, lamanja likukhwacha. Nanga tsamba atembenuze ndani? Poimbira panja, mphepo inkaulutsa mapepala, kotero kuti ena ankawapanira ndi mapegi oyanikira zovala.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2010 pamene kampani ya Apple inatulutsa iPad. Tabuleti imodzi, pokhala ndi pulogalamu yonga forScore kapena OnSong, imasunga nyimbo zimene zikanadzaza mabuku ambiri, imawala yokha mu mdima, ndipo tsamba limatembenuka woimba akangoponda kachopondera ndi phazi. Chinanso nchakuti nyimbo ikawakwerera oimba, OnSong imaitsitsa, zilembo zonse nkusintha nthawi yomweyo. Komatu izi zimatheka pokhapokha ngati nyimboyo inachita kulembedwa m'tabuletimo. Ikakhala chithunzi chabe cha tsamba, zilembo sizisuntha. Za batire lothera pakati pa nyimbo ndi galasi losaoneka padzuwa, aliyense wokhala ndi foni akuzidziwa.

Tsono nkhani yeniyeni ili pa maso a woimba. Anthu a ku Hawaii ali ndi mawu akuti kanikapila, kunena kuimba kwa pakhomo, kwa abale ndi anansi, kumene mwana amaphunzira pomvetsera ndi poyang'ana zala za mkulu. Pa kuimba kotere mtsogoleri salankhula. Amangokweza khosi la ukulele, kapena kugwedeza mutu, onse nkudziwa kuti ndime ibwerezedwe kapena nyimbo ithere pomwepo. Pepala nalo linkaba maso, sitingakane, koma linali chete; munthu ankalisuzumira nkudzutsanso mutu. Tabuleti ikatcheredwa kuti mawu aziyenda okha pagalasi, imayenda pa liwiro limene inapatsidwa, ndipo woimba amaopa kuyang'ana kumbali kuti mzere ungamupitirire. Mtsogoleri akabwereza ndime chifukwa anthu ayamba kuvina, galasi silimudikira. Apo mudzamva theka la gulu likutsata mtsogoleri, theka lina lili kale pa ndime yomaliza.

Nchifukwa chake chopondera chiposa mawu oyenda okha, popeza phazi limamvera khutu. Ndipo nyimbo ya C, F ndi G7 basi, imene gulu laiimba kambirimbiri, siifunanso tsamba. Pamenepo tabuleti ikhoza kuvundikiridwa patebulo, maso nkupita kwa mtsogoleri.