Katsabola, Asipirini ndi Chiŵindi cha Mwana

Lero tikambirane za katsabola. Nonsenu mukumudziŵa. Mwana amatentha thupi, kenaka timatuza toyabwa timatuluka paliponse. Pakapita sabata imodzi kapena ziŵiri timatuza tija timauma, mwana nkubwerera kokaseŵera. Ana ambiri amachira chomwecho.

Koma pali ngozi ina imene siichitika kaŵirikaŵiri, ndipo ikachitika imatha kupha. Mwana akatentha thupi, ife timathamangira kugolosale kukagula mankhwala. Apa mpamene ndikuti mumvetsetse bwino. Mwana wodwala katsabola kapena chimfine musamupatse asipirini.

Chifukwa chake nchiyani? M'chaka cha 1963 dokotala wina wa ku Sydney, m'dziko la Australia, dzina lake Douglas Reye, anafotokoza za ana amene ankaoneka ngati akuchira, kenaka nkudwalanso mwadzidzidzi. Chiŵindi chawo chinkatupa ndi kudzaza mafuta. Paja ntchito ina ya chiŵindi ndiyo kusefa zoipa m'magazi. Chikafooka, zoipazo zimafika ku ubongo, ubongo nawonso nkutupa. Patapita zaka, madokotala anazindikira kuti ambiri mwa ana otere amakhala atamwa asipirini. Ku America ana 555 anapezeka ndi matendaŵa mu 1980. Makolo atachenjezedwa, odwala anachepa kwambiri.

Nanga mungadziŵe bwanji? Masiku angapo matuza atatuluka, mwana amayamba kusanza kosalekeza. Amangosinza, kapena amalusa ndi kubwebweta, osazindikira ngakhale mayi ake. Ena amakomoka. Musadikire kuti maso asanduke achikasu, chifukwa pa matendaŵa maso nthaŵi zambiri sasintha. Musanenenso kuti tiona maŵa. Nyamukani nthaŵi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo mukauze adokotala mankhwala onse amene mwana wamwa. Kapepala ka mankhwalawo mukatenge.

Thupi likatentha, mupatseni Panado pa mlingo wa msinkhu wake, osapitirira, poti nayenso akachuluka amawononga chiŵindi. Mankhwala ena a mutu ali ndi asipirini mkati. Tsopano mumatha kuŵerenga, choncho yambani mwaŵerenga chikutiro chake musanagule.

Akulu nawonso asadziiŵale. Munthu amene chitetezo cha thupi lake nchochepa, monga wa HIV amene sakumwa mankhwala, katsabola atha kumuloŵa mpaka m'chiŵindi. M'mimba kapena msana zimamuŵaŵa koopsa, nthaŵi zina matuza asanatuluke nkomwe. Ameneyo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.