Kumene Magetsi a ku Kariba Acokera

Ana a sukulu akayamba sayansi amakumana ndi mau awiri: zinthu ndi mphamvu. Cinthu ndico ciri conse cimene ciri ndi kulemera, nicitenga malo. Zinthu zimapezeka m'makhalidwe atatu: zolimba, zamadzi ndi zampweya. Madzi amaonetsa onse atatu. Matalala ndi madzi olimba. Akasungunuka amayenda ngati a mumtsinje. Akawira pamoto amasanduka nthunzi. Khalidwe lasintha, koma madzi ndi omwewo.

Mphamvu ndiyo imene imasuntha zinthu, kuzitenthetsa kapena kuziwalitsa. Lamulo lace lalikuru ndi ili: mphamvu siipangidwa ndipo siionongeka, imangosanduka kucokera ku mtundu wina kunka ku wina. M'zaka za m'ma 1840 James Joule wa ku England anatakasa madzi ndi zopalasa zozunguzidwa ndi zitsulo zolemera zakugwa, napeza kuti madziwo anafunda molingana ndi nchito imene inagwiridwa. Kugwa kwa zitsulo kunasanduka kutentha.

Lamulo lomweli lioneka bwino pa mtsinje wa Zambezi. Dzuwa litenthetsa nyanja, nthunzi nikwera kukasanduka mitambo. Mvula igwa ku Angola ndi kumadzulo kwa Zambia, nitsikira mu Zambezi. Pa Kariba madziwo apeza khoma lotalika mamita 128, limene linatha kumangidwa mu 1959. Madzi oima pamwamba cotero asunga mphamvu monga mwala wokhala pamutu pa phiri. Akawatsegulira njira, agwa mwaliwiro nazunguza magudumu akuru acitsulo. Magudumuwo azunguza maginito pakati pa nthambo zamkuwa, ndipo m'nthambomo mubadwa magetsi. Magetsiwo ayenda ulendo wautali kukayendetsa makina m'migodi ya ku Copperbelt ndi kukayatsa nyale ku Lusaka ndi ku Harare. Ku Malawi mathithi a Nkula pa mtsinje wa Shire anayamba nchito yomweyi mu 1966.

Cifukwa cace makina a ku Kariba sangathe kupatsa anthu mphamvu yoposa imene madzi abwera nayo. Ici cinaoneka mu 2024, pamene cilala cinagwa m'maiko onse atatu. Nyanja ya Kariba inaphwera kwambiri, ndipo m'Zambia ndi m'Zimbabwe magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku liri lonse. Zigayo zinaima, ndi ana anawerengera pa kandulo. Khoma linali ciimire, koma madzi okwanira kuzunguza magudumu panalibe.

Motero mwana wa sukulu akafunsidwa kumene magetsi acokera, asayankhe kuti ku Kariba ndi kulekeza pomwepo. Atsate ulendo wonse cobwerera: kucokera pa nyale kunka ku nthambo, ku gudumu, ku madzi akugwa, ku mvula, kufikira atafika ku dzuwa.