Fodya wa pamphuno ndi makina osokera

Komiti itatipempha ife a m'mapulazi a fodya a ku Mashonaland kuti tiyankhulepo pa tsiku lokumbukira kuyamba kwa gulu lathu, tinagwirizana kuti tisabwere ndi mawu oyamikira okhaokha. Tabwera ndi nkhani imene inatsala pang'ono kutipasulira bokosi.

Tili ndi membala wachitsikana, wobadwira m'komboni ngati ambirife. Ndi kalaliki pa shedi yosankhira fodya, ndipo ntchito yakeyo ndi yokhazikika, si ya ganyu ayi. Koma chiyambire ubwana wake mtima wake uli pa kusoka. Tsiku lina pa msonkhano anaimirira n'kupempha ngongole yogulira makina osokera, nanena poyera kuti akagula asiya ntchito. Mayi ake, amenenso ndi membala, anakana pomwepo. Anati, "Mwanawe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nyumba tikugonamoyi ndi ya ntchito yakoyo. Ukasiya, tikagona kuti?" Gulu linagawikana pakati, ndipo kwa misonkhano iwiri panalibe amene analandira ngongole.

Musawaweruze msanga mayi aja. Agogo athu anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera kwa Mthandizi. Anafikira pa tikiti ndi phoso, ndipo ambiri sanabwererenso, anasanduka machona. Ife adzukulu awo tilibe mfumu yotigawira malo m'dziko muno. Mnzathu wa Chishona ntchito ikatha amapita kumudzi kwawo kukalima. Kwa ife ntchito ya papulazi ndiyo nyumba, ndiyo madzi, ndiyo sukulu ya ana, ngakhale manda a makolo athu ali pamalo a mwini pulazi. Lamulo la unzika la 2001 linasiyanso ambiri a ife ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo m'dziko lomwe tinabadwira. Munthu amene anadutsa m'zimenezi akamagwiritsitsa ntchito, si umbuli.

Koma amayi ena anatikumbutsa za chaka cha 2000, pamene mapulazi anayamba kulandidwa ndi kugawidwa. Tinaona abambo amene anagwira ntchito pamalo amodzi mpaka kumera imvi akutaya ntchito ndi nyumba sabata imodzi. Kenako kunabwera 2008, ndalama ya dziko lino itasanduka masamba a mtengo. Pofika Januwale 2009 kunali pepala la madola 100 thililiyoni, ndipo zimene anthu anasunga kubanki zinathera mumphepo. Anadyetsa mabanja masiku amenewo ndani? Anali amayi odziwa kusoka, kuphika mandasi, kufuwa nkhuku, ndi amene analimba mtima kudutsa malire ndi zikwama za matemba ndi zitenje. Luso la m'manja palibe amene anatilanda. Ndiye ntchito yolembedwa nayonso si thanthwe monga timaganizira.

Atayankhula onsewa, msungichuma wathu anatsegula buku. Anatikumbutsa makina osokera amene agona pansi pa mabedi m'komboni, ogulidwa ndi ngongole za gulu lomweli. Eni ake kusoka ankakukonda ndithu. Chinawagwetsa n'chakuti diresi ya kaunjika ndi yotchipa kuposa nsalu yosasoka, makasitomala a m'komboni amalipira mwezi ukatha, ndipo ena salipira n'komwe chifukwa ndi achibale. Anatiuzanso mawu amene sitinawaiwale: ndalama ya m'bokosi si ya gulu, ndi fizi ya mwana wa uje ndi mankhwala a mayi uje. Wobwereka akagwa, timagwa tonse pa tsiku logawana. Walira mvula walira matope.

Pamapeto pake tinamanga mfundo iyi. Ngongole ya makina tinapereka, koma tinamupempha kuti asasiye ntchito mpaka nyengo yonse ya fodya itatha, kuyambira kuwokera mpaka kugulitsa. Azisoka madzulo ndi masiku opuma, ndipo chilichonse azilemba m'kabuku: nsalu, ulusi, singano, maola amene wakhala pa makina, amene walipira ndi amene watenga pangongole. Mwezi uliwonse kabukuko kazibwera ku msonkhano. Tinawonjeza kuti asanatule pansi ntchito atisonyeze chipinda chimene iye ndi mayi ake akagonemo, ndi ndalama ya lendi ya miyezi itatu yosungidwa padera.

Kabuku kaja kanatiphunzitsa tonse. Madiresi a fashoni amene mtsikanayo amawakonda kwambiri ndiwo ankamudyera mpamba. Phindu linkachokera ku yunifolomu za sukulu mu Januwale, ku zovala za amayi a mpingo, ndi ku zigamba za maovolosi a antchito anzake. Analira tsiku limene anaziona, chifukwa si zimene ankalota. Koma ngongole anabweza yonse ndi chiwongoladzanja chake, osadumpha mwezi. Lero tikuyankhula pano akadali pa ntchito. Wapeza kachipinda pa malo ochitira malonda pafupi ndi msewu waukulu, ndipo adzatiuza maganizo ake pa tsiku logawana. Mayi ake mtima sunakhale pansi, komabe ndi iwo amene tsopano amamusitira yunifolomu usiku.

Ndiye tikupemphani zinthu izi, inu a magulu onse, kaya kwanu mumati banki m'khonde, kaya mukando monga timanenera kuno. Mwana akabwera ndi chimene mtima wake ukufuna, musamuseke, ndiponso musamuombere m'manja msanga. Mufunseni adzagulitsa kwa yani, adzagona kuti, ndipo malonda akaima miyezi iwiri adzadya chiyani. Mupatseni mpata woyesa phazi limodzi likadali pouma. Ndipo amene wasankha kukhalabe pa ntchito yake tisamuone ngati wamantha, pakuti masheya ake a mwezi ndi mwezi ndiwo amadzaza bokosi lomwe ena amabwerekamo.

Chinanso ndi zitupa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira kuti ndi nzika anthu obadwira muno kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Tiyeni tiperekezane kukasintha zitupa ndi kutenga mapasipoti. Telala wopanda pasipoti amagula chitenje chadutsa m'manja atatu, pamene mnzake amakwera basi yodzera ku Tete mpaka ku Blantyre n'kukasankha yekha. Inu a ku Malawi ndi ku Zambia, ana athuwa akafika kwanu muwalandire ndi kuwasonyeza kogula.

Agogo athu sanafunsidwe ntchito imene ankaikonda, anangopatsidwa khasu. Ana athu akutha kufunsa funso limeneli chifukwa cha timadola timene timaponya m'bokosi sabata ndi sabata. Tilisunge bwino bokosilo, kuti mtsikana wina akadzaimirira chaka chamawa adzapezemo kanthu.