M'MERA MPOYAMBA: ANA ATHU NDI MAKANEMA A PA FONI

Nkhani iyi inakambidwa pa wayilesi ndi Mlangizi wa Malimidwe wa m'boma la Kasungu.

Masiku onse ndimakamba nanu za nazale, za feteleza ndi za kasankhidwe ka fodya. Lero ndifuna tikambe za mbewu ina imene iri m'nyumba mwathu, ndiyo ana athu, ndiponso za katundu amene ndalama za fodya zabweretsa pakhomo, ndiye foni ndi kanema.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona chigafa cha mlimi wina amene ali mkulu wa mpingo kwao. Titatha za fodya anandiitanira pambali nati, "Alangizi, vuto langa si fodya ai. Mnyamata wanga wa Sitandade 6 wasintha. Akuwodzera m'kalasi, ku Sande sukulu akukana, ndipo amai ake akamtuma amayankha mwamwano." Nditafunsitsa ndinapeza kuti chaka chatha, atagulitsa mabelo ao ku Chinkhoma, bambowo anagula foni yaikulu ndi sola. Usiku foniyo inali kugona ku mphala, ndipo mnyamatayo anali kuonera makanema kufikira tambala woyamba. Zimene zinali m'foni yao eni akewo sanazidziwe n'komwe. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu mukumva ngati ndikunena za pakhomo panu.

Zinthu izi zatifika mofulumira. Mu 1949 kunabwera wayilesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, ndipo agogo athu anali kusonkhana pa wayilesi imodzi kumvera mau ochokera ku Lusaka. Mu 1964 inayamba wayilesi yathu ya MBC. Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, ine ndiri mwana wa sukulu. Koma taonani kusiyana kwake. Wayilesi imalankhula mokweza, kotero kuti zimene mwana akumva, akulu akumvanso. Foni ndi ya maso a munthu mmodzi. Imalowa m'thumba, imalowa m'bulangete, ndipo kholo silidziwa amene akuphunzitsa mwana wake usiku.

Sindikunena kuti mutaye mafoni ai. Foni ndi chida cha mlimi. Timalandirirapo ndalama pa Airtel Money ndi pa Mpamba, timamvapo za mvula ndi za mitengo ya pa okushoni, timalankhula ndi abale amene ali ku Joni. Ena mumawerengapo Baibulo ndi kumvera nyimbo za kwaya. Foni iri ngati mankhwala opopera m'munda. Sitiwataya, pakuti ndi othandiza, koma timawayesa muyeso, timawasunga pamalo pake, ndipo sitiwasiya m'manja mwa mwana.

Tsono zoopsa zake nzotani? Ndinena zinai.

Choyamba ndi tulo. Madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika kugona maola 9 kapena kuposerapo. Kuwala kwa galasi la foni kumanyenga thupi kuti kunja kukali koyera, ndipo tulo timachedwa. Mwana wosagona sagwira zimene aphunzitsi akunena, ndipo amapsa mtima msanga.

Chachiwiri chikhudza makanda. Amai ambiri amapatsa khanda foni kuti litonthole pamene iwo akusoka fodya kapena kuphika. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Mwana amaphunzira kulankhula pamene munthu akumlankhula ndi kumuyankha. Foni imalankhula, koma siimuyankha mwanayo.

Chachitatu ndi zimene ana akuona. Pa misika yathu pali anyamata amene amaika nyimbo ndi makanema m'timakhadi ta foni, ndiponso pali tinyumba toonetsera vidiyo. Makanema ena ngabwino, koma ena ngophana ndipo ena ngolaula. Mwana amene akuona zotere tsiku ndi tsiku amaziyesa khalidwe la anthu onse.

Chachinai ndi anthu achinyengo ndi juga. Pa Facebook ndi pa WhatsApp munthu wamkulu angathe kudzitcha mnyamata, nayamba kunyengerera mtsikana wanu ndi mayunitsi, pambuyo pake nampempha zithunzi zosayenera. Anyamata nao akopeka ndi kubetcha pa mpira, ndipo ndalama yobetchera ichokera m'thumba la bambo kapena m'nkhokwe ya chimanga.

Mwina mufunsa kuti, "Bwanji mwanayo sangoleka yekha?" Musamuyese wopusa. Amene anapanga zinthuzi anazikonza kuti kanema mmodzi akatha, wina ayambe yekha, pakuti iwo amapeza ndalama pamene munthu akhalitsa akuonera malonda amene amaikamo. Ngakhale ife akulu timalephera kuika foni pansi. Nanga mwana wa zaka 10 angathe bwanji payekha?

Alimi anzanga, nzeru yake muli nayo kale, pakuti mumaigwiritsa ntchito ku nazale. Mukafesa fodya mumaphimba bedi ndi udzu. Mbande zikamera mumachotsa udzuwo pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa. Nthawi yowokera ikayandikira mumachepetsa madzi kuti mbande zikhwime. Palibe mlimi amene amavundukula bedi lonse tsiku limodzi, ndiponso palibe amene amasiya mbande pansi pa udzu mpaka mvula. Mwana nayenso ndi chimodzimodzi. Akali wamng'ono mtchinjirizeni. Pamene akukula mpatseni ufulu pang'onopang'ono inu muli pomwepo, kuti tsiku limene adzapite ku sekondale kapena ku tauni adzakhale atakhwima, wodziwa kusankha yekha. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Nawa malangizo a pakhomo.

Loyamba: foni izigona m'nyumba ya makolo. Ikanipo nthawi, monga 8 koloko usiku, ndipo ikakwana mafoni onse abwere pamalo amodzi otchajira. Ku mphala kusapite foni.

Lachiwiri: pa nthawi ya chakudya ndi pa nthawi ya mapemphero a banja, foni, kanema ndi wayilesi zizikhala chete. Mabanja ambiri achikhristu anali ndi mwambo wowerenga Mau a Mulungu ndi kuimba nyimbo imodzi asanagone. Mwambo uwu ukutha, osati chifukwa anthu asiya chikhulupiriro, koma chifukwa aliyense wawerama pa galasi lake. Ubwezereni. Mphindi 15 zikwanira.

Lachitatu: za sukulu ndi ntchito za pakhomo ziyambe, kanema pambuyo. Ndikati ntchito ndikunena zoyenera msinkhu wa mwana, monga kusesa, kutunga madzi ndi kutsekera nkhuku. Sindikunena zomtuma kukathyola kapena kusoka fodya ai. Lamulo likuletsa, ndipo fodya wamuwisi amadwalitsa ana, pakuti ululu wake umalowa pa khungu.

Lachinai: onerani nao pamodzi. Khalani pansi muone kanema amene mwana wanu amakonda, ndipo mumfunse kuti, "Kodi munthu uyu wachita bwino? Ukadakhala iwe ukadatani? Nanga ku tchalitchi tinaphunzira zotani pa zotere?" Mwana amene wazolowera mafunso awa adzayamba kudzifunsa yekha inu kulibe. Ngati simudziwa kutsegula foni, musachite manyazi. Muuzeni mwanayo akuphunzitseni, kapena funsani aphunzitsi.

Lachisanu: mwana akakuuzani kuti waona choipa, kapena kuti munthu wina akumtumizira mau osayenera, musafulumire kutenga mkwapulo. Mukamkwapula lero, mawa adzabisa. Muyamikeni chifukwa wanena, kenaka muthane ndi vutolo.

Lachisanu ndi chimodzi ndi la ife makolo. Bambo amene amalowa ndi foni m'tchalitchi namayang'anamo ulaliki uli mkati, sangaletse mwana wake. Ana amatsata mapazi athu koposa mau athu.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu, pakuti pali zina zimene banja limodzi silingathe palokha. Kholo lingaletse foni pakhomo, koma mwana akatuluka apeza kanyumba ka vidiyo kali kotsegula. Itanani eni tinyumbati pabwalo pamodzi ndi makolo, komiti ya sukulu ndi akulu a mipingo. Panganani kuti mwana asalowe pa nthawi ya sukulu kapena usiku, ndi kuti makanema a akulu asaonetsedwe pamene pali ana. Panganinso ndi anyamata oika makanema m'mafoni kuti asapatse ana zolaula. Musawatenge ngati adani. Iwonso akufuna ya sopo, ndipo ambiri adzamvera mfumu ikawalankhula mwaulemu. Nthawi yabwino yochita msonkhano uwu ndi msika wa fodya usanatsegulidwe, pakuti ndalama zikayamba kulowa m'midzi ndi pamene mafoni atsopano ndi makanema amachuluka.

Dziwaninso kuti lamulo liri kumbali yanu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la mu 2016 loona za pa intaneti limaletsa kujambula, kusunga kapena kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndiponso kuzunza munthu kudzera pa foni. Wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga. Nkhani yotere ikachitika m'mudzi mwanu musaiweruze ndi nkhuku kapena mbuzi. Pitani nayo kupolisi, kapena imbani nambala 116, imene ndi ya ulere yothandiza ana.

Inunso abusa, ansembe, amai a Chigwirizano ndi a m'miphakati, kambani nkhaniyi m'misonkhano yanu. Abale athu achisilamu vuto ili ali nalonso, ndipo pabwalo la mfumu tikhale pamodzi. Koma kuletsa kokha sikukwanira. Mukazula udzu m'munda osabzalamo kanthu, udzu womwewo umameranso. Mwana mukamchotsera foni mpatseni china: mpira wa masana, kwaya, sewero la ku tchalitchi, nthano za agogo madzulo, kapena kamunda kake ka ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba.

Mkulu wa mpingo uja ndinakumana nayenso sabata yatha. Anandiuza kuti masiku oyamba mnyamatayo anakwiya nakana nsima. Tsopano foni ikugona kwa makolo, ndipo Loweruka masana amaonera mpira pamodzi, bambo ndi mwana. Vuto silinatheretu, koma akulankhulana.

Alimi anzanga, fodya akaonongeka chaka chino tidzafesanso chaka chamawa. Mwana sitifesa kawiri. Madzulo ano, musanagone, funsani funso limodzi lokha pakhomo panu: kodi foni igona kuti?