Nkhondo ya m'Ciwindi

Lelo tikambe za ciwindi ndi nthenda yake yochedwa hepatitis.

Ikani dzanja lanu ku mbali ya kumanja, pansi pa nthiti. Pamenepo ndiye pali ciwindi. Ca munthu wamkulu cimalemela pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Cimasunga cakudya ca thupi, cimasefa zoipa m'magazi, ndiponso cimapanga ndulu.

Pali tizilombo tating'ono kwambili, tochedwa mavailasi, timene timalowa m'ciwindi. Ka mtundu A kamabwela ndi madzi kapena cakudya codetsedwa. Ka mtundu B ndi ka mtundu C timayenda m'magazi, ndipo ka B kamathanso kucoka kwa mai kupita kwa mwana pobadwa. Cizindikilo ca ka B cinapezedwa ndi dokotala wa ku America, Baruch Blumberg, mu 1965. Ka C kanadziwika mu 1989.

Tsono mvetsetsani, pakuti apa pali codabwitsa. Kacilombo ka B pakokha sikaononga kwambili ciwindi. Cimene cimaononga ndico nkhondo imene thupi lenilenilo limamenya. Maselo akazindikila kuti mdani walowa, amatumizilana mauthenga, monga ng'oma imaitanila anthu pamudzi. Mauthenga amenewa ndi timapuloteni tochedwa cytokines. Kamodzi ka ito ndi interferon, kamene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann anakapeza ku London mu 1957. Maselo oyela a m'magazi akamva ng'omayo amathamangila ku ciwindi ndi kupha selo lililonse limene kacilombo kabisalamo. Inu amene munaonapo anyamata akutentha chile posaka mbewa mudziwa bwino: mbewa zimafadi, koma udzu wofolelela nyumba umapsa nawo.

Selo la ciwindi likafa, za m'kati mwake zimatayikila m'magazi. Cimodzi ca izo cimachedwa ALT. Ku cipatala akapima magazi napeza kuti ALT yakwela, amadziwa kuti maselo ambili akuonongeka. Maso akasanduka acikasu, ndiye kuti ciwindi calephela kucotsa utoto wa ndulu m'magazi.

Munthu wamkulu akatenga kacilombo ka B, thupi lake limamenya nkhondo mwamphamvu. Angadwale, koma osakwana 5 mwa anthu 100 ndiwo amatsala nako. Kwa khanda n'kosiyana: ng'oma siilila kwenikweni, mwana amaoneka wathanzi, koma makanda pafupifupi 9 mwa 10 amene akatenga pobadwa amakhala nako moyo wonse. Nkhondoyo imangonyeka pang'onopang'ono zaka zambili. Ciwindi cimadzipoletsa ndi zipsela, ndipo zipsela zikaculuka cimauma ndi kulephela nchito. Kwa ena pamabuka khansa.

Aphunzitsi, nenani momveka kwa ana kuti kacilombo ka B sikafalikila mwa kupatsana moni, kukhala pa desiki limodzi, kapena kudyela mbale imodzi ya nsima. Mwana amene ali nako asasalidwe. Coletsedwa ndico kubwelekana lezala, singano ndi mswaci, kapena kugwila magazi a mnzako ndi manja.

Muno m'Zambia katemela wa hepatitis B amapatsidwa ku sikelo mwana akakwanitsa milungu 6, 10 ndi 14. Ana inu, mukafika kunyumba pemphani amai kuti akuonetseni khadi la ku sikelo la khanda la kwanu, ndipo mawa mukauze aphunzitsi ngati masiku atatuwo analembedwa.